Mmene kudzidalira kwanga kunatsekera anzanga pakamwa

Linali tsiku Lachinayi, nthawi yoweruka itatsala pang'ono kukwana, pamene mtsikana wina amene anali kalaliki mu dipatimenti yathu yogula katundu anaima pakhomo la ofesi yanga atanyamula pepala la oda imene ndinkafuna kutumiza tsiku lomwelo. Anali atagwira nafe ntchito miyezi isanu yokha. Sanalowe mpaka mkati. Anangoima pakhomopo, chala chili pamzere wina wa pepalalo, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Pepani bwana, mwina ndine amene sindikumvetsa, koma kodi 400 ali apayu ndi mabotolo kapena makatoni?" Maso anga anali pa kompyuta ndipo sindinacheuke n'komwe. Ndinangoti, "Ndaona kale zimenezo, zonse zili bwino." Iye anati, "Chabwino bwana," n'kubwerera kumpando wake. Zoona zake n'zakuti mzere umenewo ndinali ndisanauyang'ane.

Patapita milungu itatu, galimoto ya katundu inafika itadzaza mpaka kumwamba. Kampani imene inkatigulitsa mankhwala otsukira makina inali itasintha kalembedwe ka mitengo yake, moti m'malo mowerengera botolo limodzilimodzi monga kale, inayamba kuwerengera katoni ya mabotolo 12. Ife tinkafuna mabotolo 400, koma ine ndinasainira makatoni 400, kutanthauza mabotolo 4,800 a mankhwala amene amatha mphamvu akakhalitsa. Odayo inali ndi mizere yoposa 60, ndipo nditaona kuti ndalama zonse pamodzi zakwera, ndinangodziuza kuti mitengo yakwera monga imachitira chaka chilichonse. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa cha anthu a mitundu iwiri: amene akhala akuuzidwa kuntchito kuti "muzidzidalira" koma sadziwa poyambira, ndi amene angopatsidwa kumene udindo ndipo akuganiza kuti mtsogoleri sayenera kuoneka wokayika. Ine ndinakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo konseko ndinalakwitsa.

Nditangoyamba ntchito, zaka 7 nkhani ya mabotoloyi isanachitike, ndinali munthu wa phee. Pamisonkhano ndinkakhala kumapeto kwa tebulo, cholembera chili m'manja, ndipo nthawi zambiri ndinkakhala ndi mfundo imene ndinkangoitembenuza m'mutu mpaka nkhaniyo itadutsa. Kangapo konse munthu wina ankanena mfundo yomweyo patangopita mphindi zochepa, anthu n'kumugwedezera mutu, ine mtima ukundiwawa. Mkati mwanga ndinkakhulupirira kuti anandilemba ntchito mwangozi ndipo tsiku lina adzatulukira kuti sindidziwa kanthu. Ndikachita bwino ndinkati ndi mwayi, koma ndikalakwitsa ndinkati umenewo ndiwo umboni wa chimene ndili. Ndinadzamva pambuyo pake kuti vuto limeneli lili ndi dzina. Mu 1978, akatswiri awiri a maganizo a anthu, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za amayi oposa 150 amene anali ndi maphunziro apamwamba ndi maudindo olemekezeka koma ankadziona ngati achinyengo amene sanagwidwebe, ndipo khalidweli analitcha impostor phenomenon. Ofufuza ena atapitiriza anapeza kuti limagwiranso abambo. Pa nthawi imeneyo ine sindinkadziwa zonsezi. Chimene ndinkadziwa n'chakuti pounika ntchito yanga ya chaka chachitatu, bwana wanga analemba kuti ntchito ndimaidziwa koma sindidzidalira, ndipo udindo umene ndinkauyembekezera unapita kwa munthu wina amene anabwera m'mbuyo mwanga.

Zimenezi zinandipweteka kwambiri moti ndinatsimikiza zosintha, ndipo njira imene ndinatsata inali yotengera manijala wina amene aliyense ankamuopa ndi kumutamanda. Munthuyu sankanena mawu akuti "mwina". Ankayankha funso wofunsayo asanamalize, ndipo akatsutsidwa ankangokweza mawu pang'ono n'kubwereza zimene wanena. Ndinayamba kuchita chimodzimodzi. Ndinachotsa mawu akuti "ndikuganiza kuti" m'kalankhulidwe kanga, ndinasiya kukhala kumapeto kwa tebulo, ndipo ndinadziikira lamulo loyankha msanga ngakhale pamene ndinkafunika kukaona kaye m'mafayilo. Ndiyenera kuvomereza kuti zinandiyendera. Pasanathe zaka ziwiri anandikweza, ndipo kenako anandipatsa dipatimenti ya anthu 8. Palibe chodabwitsa pamenepa, chifukwa mu 2012 Cameron Anderson wa pa yunivesite ya California ku Berkeley ndi anzake anasonyeza kuti anthu odzidalira mopitirira luso lawo amaonedwa ndi anzawo ngati aluso kwambiri ndipo amapatsidwa ulemu wochuluka pagulu. Luso la munthu silioneka ndi maso, choncho timaliyeza ndi zimene tingathe kuona ndi kumva, monga kulankhula koyambirira, mawu osanjenjemera ndi nkhope yosatekeseka. Vuto ndi lakuti zinthu zimenezi munthu angathe kuziphunzira m'miyezi yochepa, pamene luso lenileni limatenga zaka.

Sindikufuna kunama kuti zonse zimene ndinaphunzira pa nthawiyo zinali zoipa. Ndinaphunzira kukambirana mitengo ndi ogulitsa katundu popanda kuchita manyazi, kukana pempho losayenera, ndiponso kuteteza anthu anga akamanamiziridwa ndi madipatimenti ena. Gulu la anthu ogwira ntchito limafuna mtsogoleri amene angagamule nkhani n'kuimapo, ndipo palibe amene amasangalala kutsogoleredwa ndi munthu wonjenjemera. Cholakwika chinali chakuti mawu anga ankamveka otsimikiza mofanana nthawi zonse, kaya chinthucho ndachifufuza bwinobwino kaya ndikungoganizira. Wondimvera analibe njira yosiyanitsira ziwirizi, ndipo m'kupita kwa nthawi ngakhale ine ndemwe ndinasiya kuzisiyanitsa.

Tsiku limene katunduyo anafika, nditamaliza kuimba mafoni opempha ogulitsa kuti alandirenso makatoni ena, ndinaitana kalaliki uja. Sindinamuitanire kuti ndipepese. Mumtima ndinkafuna kupeza pogawira mlanduwo, ndipo ndinamufunsa kuti, "Ngati unaona kuti pali vuto, n'chifukwa chiyani sunalimbikire?" Anayang'ana pansi kwa kanthawi, kenako anati, "Bwana, munandiyankha ngati munthu amene waona. Ndinaganiza kuti pali zina zimene inu mukudziwa zimene ine sindinauzidwe." Kenako anawonjezera chinthu chimene chinandipyoza kuposa choyambacho. Anati asanabwere kwa ine anaonetsa pepalalo kwa anzake awiri amene akhala pakampanipo zaka zambiri, ndipo onse anaona kuti mzerewo ndi wokayikitsa, koma anamuuza kuti apite yekha chifukwa iwo ankadziwa kale yankho limene angalandire. Anthu atatu anaona cholakwikacho, ndipo amene analimba mtima kugogoda pakhomo panga anali wamng'ono pa onsewo, yemwe anali asanazolowere khalidwe langa.

Miyezi ingapo pambuyo pake kampani inanditumiza kumaphunziro a utsogoleri, ndipo mphunzitsi wathu anatifotokozera za ngozi ya ndege imene inachitika pa 27 March 1977 pabwalo la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife cha dziko la Spain. Ndege ziwiri zikuluzikulu za mtundu wa Boeing 747, ina ya kampani ya KLM ndipo ina ya kampani ya Pan Am, zinawombana pamsewu wonyamukira ndege ndipo anthu 583 anafa. Tsikulo kunali chifunga chambiri moti oyendetsa ndege ziwirizo sankaonana, ndipo oyang'anira bwalo nawonso sankaziona. Kaputeni wa KLM, Jacob Veldhuyzen van Zanten, sanali munthu wamba. Anali mkulu wa aphunzitsi a oyendetsa ndege za mtundu umenewu pakampani yake, ndipo chithunzi chake chinkaikidwa m'zotsatsa malonda za kampaniyo. Anayamba kuthamangitsa ndege kuti inyamuke asanalandire chilolezo chenicheni chonyamukira, pamene ndege ya Pan Am inali idakali pamsewu womwewo. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwake anafunsa ngati ndege ya Pan Am inali itachokadi pamsewupo, ndipo kaputeniyo anayankha motsindika kuti inde. Injiniyayo sanafunsenso.

Ofufuza anapeza zifukwa zambiri za ngoziyo, kuphatikizapo chifunga, mauthenga a pa wailesi amene anasokonezana, mawu osamveka tanthauzo lake bwino, ndi kufulumira kwa oyendetsa ndege amene ankaopa kupyola maola amene malamulo amawalola kugwira ntchito, choncho si chilungamo kusenzetsa munthu mmodzi zonse. Komabe ine nditakhala m'kalasimo sindinamve zina zonsezo. Ndinangomva funso laulemu la munthu wamng'ono ndi yankho lotsindika la munthu wamkulu, ndipo ndinakumbukira chala chija pamzere wa pepala. Zanga zinali za mabotolo chabe ndipo palibe amene anavulala, koma kayendedwe ka nkhaniyo kanali komweko. Chinandilimbikitsa n'chakuti makampani a ndege sanathetse vutoli pouza makaputeni kuti asiye kudzidalira. Pambuyo pa ngoziyi ndi zina zofanana nayo, bungwe la NASA, la ku America lofufuza za ndege ndi zamumlengalenga, linachititsa msonkhano mu 1979 umene unabala maphunziro otchedwa Crew Resource Management, ndipo United Airlines inayamba kuwaphunzitsa mokwanira mu 1981. Maphunzirowa amaphunzitsa wamkulu kupempha maganizo ndi kumvetsera, komanso amaphunzitsa wamng'ono kunena nkhawa yake momveka ndi kuibwereza mpaka itayankhidwa. Kaputeni amakhalabe wogamula, koma salinso yekha woona.

Koma ndadumpha nkhani. Maphunzirowo asanafike, ndinayenera kukaonekera kwa mkulu wa kampani. Usiku wake ndinakonza mafotokozedwe atatu, ndipo onse anali oona: ogulitsa anasintha kalembedwe osatidziwitsa mwapadera, pulogalamu yathu ya pa kompyuta sinkasonyeza muyezo wa katundu pamzere uliwonse, ndipo sabata imeneyo tinali ochepa chifukwa wina anali patchuthi. Ndinalowa mu ofesi yawo ndili ndi zonsezi pakamwa, koma atandifunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndinapezeka ndikunena kuti, "Bwana, kalaliki wanga anandichenjeza, ndipo ndinamuuza kuti ndaona pamene ndinali ndisanaone." Mawu anga ankanjenjemera kuposa tsiku lililonse la zaka zanga za mantha zija. Iwo anakhala chete, kenako anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti ndichita chiyani kuti kalalikiyo adzabwerenso tsiku lina akadzaona cholakwika. Ndinalibe yankho. Anandipatsa kalata ya chenjezo, ndipo ndinaiyenera. Ogulitsa aja analandiranso gawo lina la katunduyo atatidula ndalama, ndipo mabotolo otsalawo tinakhala nawo nthawi yaitali, ena mpaka anatha mphamvu.

Chimene chinatsatira sindinkachiyembekezera, ndipo ndikuona kuti n'chimene anthu ambiri safotokoza akamakamba nkhani zoterezi. Kudzidalira kwanga konse kunagwa ngati khoma lopanda maziko. Ndinayamba kuwerenga oda iliyonse katatu kapena kanayi, ndinkaitanitsa msonkhano pa nkhani zimene kale ndinkagamula ndili chiimire, ndipo aliyense akanena maganizo ake ndinkasintha zimene tinagwirizana dzulo lake. Mapepala anaunjikana patebulo langa. Katundu wina anachedwa kufika chifukwa ndinachedwa kusaina, ndipo madipatimenti ena anayamba kudandaula. Ine ndinkaganiza kuti kumeneko ndiko kudzichepetsa, pamene kwenikweni ndinali nditangobwerera kumapeto kwa tebulo kuja, kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano anthu 8 ankadikira ine.

Amene anandidzutsa anali bambo ena achikulire amene ankayang'anira nyumba yosungiramo katundu. Tsiku lina ndinapita kukawafunsa kachitatu maganizo awo pa nkhani yosintha kampani yotinyamulira katundu, ndipo iwo anaika pansi buku limene ankalembamo, navula magalasi awo, n'kunena kuti, "Bwana, maganizo anga ndinakuuzani Lolemba, ndipo sanasinthe. Ife sitinadandaulepo kuti mumalamula. Tinkadandaula kuti mumalamula musanamve. Tsopano mukumva koma simukulamula, ndiye ntchito iyenda bwanji? Mutu ukakula sulewa nkhonya." Ndinabwerera ku ofesi ndili ndi manyazi, ndipo masana omwewo ndinasaina pepala limene linakhala patebulo masiku 9.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumanga kudzidalira kwa mtundu wina, ndipo chimene chinandithandiza kumvetsa kamangidwe kake ndi zimene analemba Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford mu 1977. Iye sankakamba za kudziona wapamwamba m'zinthu zonse, koma za chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho chakuti angathe kuchita ntchito inayake yodziwika. Anati chikhulupiriro chimenechi chimachokera ku zinthu zinayi, zomwe ndi kuchita chinthucho n'kupambana, kuona anthu ofanana nawe akuchichita, kulimbikitsidwa ndi mawu a ena, ndiponso mmene thupi ndi mtima zikumvera pa nthawiyo, ndipo champhamvu kwambiri pa zonsezi ndi choyambacho. Zimenezi zinandimasula, chifukwa ndinazindikira kuti funso lakuti "kodi ndine munthu wodzidalira?" ndi funso losathandiza. Funso lothandiza ndi lakuti, "pa nkhani iyi, kodi ndili ndi chifukwa chotani chodzidalira?" Pokambirana mitengo ndinali ndi zaka zambiri za umboni. Pa mzere uja wa mabotolo ndinalibe umboni uliwonse, chifukwa sindinauwerenge.

Ndinagula kabuku kakang'ono ndipo ndinayamba kulembamo zimene ndikuyembekezera kuti zichitika, pamodzi ndi mlingo wa kutsimikiza kwanga. Ndikanena kuti katundu wakuti afika pasanathe masiku 10, ndinkalemba tsiku ndi mawu akuti "ndatsimikiza" kapena "ndikungoganiza", ndipo nthawiyo ikakwana ndinkabwerera kukaona. Patatha miyezi 6 kabukuko kanandiuza zinthu zimene palibe munthu akanalimba mtima kundiuza. Pa nkhani ya ogulitsa katundu, monga amene angachedwe ndi amene angatsitse mtengo, ndinkalondola pafupifupi nthawi zonse, ndipo nthawi zina ndinkadzikayikira popanda chifukwa. Koma pa nkhani ya nthawi imene anthu anga angatenge kuti amalize ntchito, ndinkalakwitsa mobwerezabwereza, ndipo kumeneko n'kumene ndinkalemba kwambiri mawu akuti "ndatsimikiza". Chifukwa chake chinali chapafupi: panali patapita zaka ndisanagwire ntchito ya ukalaliki ndi manja anga, ndipo ndinali nditaiwala kuchuluka kwa tinthu ting'onoting'ono timene timadya nthawi.

Anthu ambiri amakonda kutchula kafukufuku wa David Dunning ndi Justin Kruger wa mu 1999, amene anachitika pa yunivesite ya Cornell. Ophunzira anayesedwa pa kuganiza mwadongosolo, malamulo a chiyankhulo ndi kuzindikira nthabwala, ndipo amene anakhoza mochepa kwambiri, oposa anzawo 12 okha pa 100 alionse, ankaganiza kuti aposa anzawo 62 pa 100 alionse. Chimene ndaona n'chakuti aliyense wotchula kafukufukuyu amakhala akunena za munthu wina, kawirikawiri bwana wake. Sindinakumanepo ndi munthu wonena kuti akukamba za iye mwini. Ine kabuku kanga kanandisonyeza kuti munthu mmodzi yemweyo angathe kukhala katswiri wodzikayikira pa nkhani ina ndi mbuli yodzitama pa nkhani ina, tsiku lomwelo, pampando womwewo.

Kusintha kwakukulu kunali m'kalankhulidwe. Ndinauza anthu anga pamsonkhano kuti kuyambira tsiku limenelo ndizigwiritsa ntchito mawu atatu osiyana, ndipo azindigwira nawo. Ndikati "ndikudziwa", ndiye kuti ndaona ndi maso anga ndipo ndingathe kuwasonyeza pamene ndaonapo. Ndikati "ndikuganiza", ndiye kuti ndikudalira zimene ndakumana nazo kale, ndipo aliyense amene ali ndi umboni wosiyana aubweretse. Ndikati "sindikudziwa", ndiye kuti ndikafufuza ndipo ndinena tsiku lobweretsa yankho. Poyamba mawu achitatuwa ankandilemera pakamwa ngati mwala, makamaka pamaso pa akuluakulu anzanga, chifukwa ndinkaopa kuti andiona wopepera. Zimene zinachitika n'zosiyana ndi zimenezo. Popeza anthu anandimva ndikuvomera kusadziwa, mawu anga akuti "ndikudziwa" anayamba kulemera, ndipo mikangano imene kale inkatenga theka la ola inkatha msanga. Ndinasinthanso dongosolo la misonkhano yathu kuti wamng'ono pa onse aziyamba kulankhula ndipo ine ndizimaliza, chifukwa ndinaona kuti bwana akangonena maganizo ake koyambirira, zotsatira zake zimangokhala kuvomereza kovekedwa mawu osiyanasiyana. Ndikamva onse, ndimagamula, ndimafotokoza chifukwa chake, ndipo sindibwereranso pa nkhaniyo pokhapokha patabwera mfundo yatsopano.

Chaka chotsatira, chiwerengero cha zolakwika zolembedwa m'lipoti la dipatimenti yanga chinakwera, ndipo mkulu wa kampani anandiitana ali ndi nkhawa. Ndinawafotokozera kuti zolakwikazo sizinachuluke, koma kuti tsopano zikunenedwa, ndipo zambiri zikugwidwa oda isanatuluke. Amy Edmondson wa pa yunivesite ya Harvard anakumana ndi zofanana ndi zimenezi m'zaka za m'ma 1990 pamene ankafufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala. Iye ankayembekezera kuti magulu oyendetsedwa bwino akhala ndi zolakwika zochepa, koma anapeza kuti magulu amenewo ndi amene ankalemba zolakwika zambiri, chifukwa anamwino ake sankaopa kuzinena. Mu 1999 anafalitsa kafukufuku wina wa magulu 51 a pakampani ina yopanga katundu, wosonyeza kuti gulu limaphunzira bwino pamene anthu ake akukhulupirira kuti sanyozedwa kapena kulangidwa chifukwa chofunsa kapena kuvomera kulakwa. Kwa ine phunziro lake linali lowawa pang'ono: zaka zimene lipoti langa linkaoneka loyera zinali zaka zimene anthu ankandibisira zinthu.

Kwa amene muli pamene ine ndinali poyamba, kumapeto kwa tebulo, ndinene mosabisa kuti musadikire kuti mantha athe kaye ndiye mudzalankhule, chifukwa satha mwa kudikira. Kulimba mtima kumabwera pambuyo pa kuchita, monga Bandura ananenera. Musanalowe mumsonkhano konzani mfundo imodzi imene mwaifufuza, ndipo muinene m'mphindi zoyambirira nkhani isanatenthe. Mukaona cholakwika, pewani kuyamba ndi mawu odzichotsera mphamvu monga amene kalaliki wanga anayamba nawo, akuti "mwina ndine amene sindikumvetsa", chifukwa mawu amenewa amapatsa bwana wotanganidwa khomo lothawira. Ulemu ukhalepo, koma nenani chimene mwaona, chimene chingachitike, ndi chimene mukupempha. Kalaliki uja akanati, "Bwana, mndandanda watsopano wa mitengo ukuwerengera makatoni a mabotolo 12, ndiye tikatumiza chonchi tilandira mabotolo 4,800, ndikupempha kuti muone mzere uwu musanasaine," ndikukhulupirira kuti ndikanacheuka. Sindikunena izi pomuimba mlandu, chifukwa udindo womvetsera unali wanga, ndipo munthu wa miyezi isanu pantchito anachita kale zoposa zimene anzake akale anachita.

Ndikudziwanso kuti si bwana aliyense amene amalandira mawu otere, ndipo mtengo wa kulankhula sufanana kwa onse. Ndaona ndi maso anga mawu amodzimodzi akutamandidwa kuti ndi utsogoleri akachokera kwa bambo wamkulu, koma akutchedwa mwano akachokera kwa mayi kapena kwa wachinyamata. Amene amauza anthu kuti "ingodzidalirani" osatchula zimenezi akunena theka la choonadi. Ngati muli pansi pa bwana wosamva, nenani nkhawa yanu kamodzi pamaso, kenako muilembe mwaulemu mu imelo yaifupi yokhala ndi manambala ake, kuti nkhaniyo ikhale pa umboni osati pa kulimbana kwa mawu. Ndipo kwa inu amene muli ndi anthu pansi panu, dziwani kuti munthu wamng'ono akafika pakhomo panu ndi funso, nthawi zambiri si funso ayi, koma ndi chenjezo limene lavala ulemu. Kalaliki wanga ankadziwa bwinobwino kuti 400 uja ndi makatoni.

Patapita pafupifupi chaka chimodzi ndi theka chichitikire nkhani ya mabotolo, mtsikana yemwe uja analowa mu ofesi yanga ndikukonzekera kupita kumsonkhano wa akuluakulu. Ulendo uno sanaime pakhomo. Anafika mpaka patebulo, naika pepala patsogolo panga, n'kunena kuti, "Bwana, musasaine kaye oda iyi. Mtengo wa pamzere wa 14 sukugwirizana ndi wa mu mgwirizano wathu, ndipo tikalipira chonchi tiluza." Ndinayang'ana wotchi, ndinaona kuti ndichedwa, ndipo ndinamva mawu akale aja akukwera kukhosi. Ndinakhala pansi, ndinatumiza uthenga kumsonkhano kuti ndifika mochedwa, ndipo tinatsegula fayilo ya mgwirizanowo limodzi. Tinafufuza kwa mphindi 20, ndipo tinapeza kuti mtengowo unali wolondola. Panali kalata yosintha mitengo imene inasainidwa miyezi iwiri m'mbuyomo, koma inaikidwa mu fayilo ina imene iye sankaidziwa.

Nkhope yake inagwa, ndipo anayamba kupepesa kuti wanditayitsa nthawi. Ndinamuuza kuti asapepese, chifukwa kalatayo inayenera kukhala pamalo amene iye akanaipeza, ndipo ndinamupempha kuti asonkhanitse makalata onse osintha mitengo n'kuwaika pamodzi ndi migwirizano yake sabata isanathe. Kumsonkhano ndinafika anthu atayamba kale, ndipo mkulu wa kampani atandiyang'ana mofunsa, ndinati kalaliki wanga anaimitsa oda kuti tiione kaye. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza nkhani imene inali pakati. Lachiwiri la sabata yotsatira mtsikanayo anabweranso ndi pepala lina, chala chili pamzere wa 31.